Oyilo, girisi wolimba kapena wamadzimadzi: chothira m'bokosi la chiwongolero cha galimoto yakale

Bokosi la chiwongolero likayamba kudontha pansi, pomwe shafuti imatulukira kukagwira drop arm (mkono wachitsulo wokankha matayala kuti akhote), ambiri amathamangira mankhwala amodzi: kumasula kapulagi ka pamwamba n'kupoperamo girisi wa mabering'i a matayala mpaka adzaze. Kudontha kumalekadi, pansi pa galaja n'kukhala poyera. Koma pakapita zaka chiwongolero chimayamba kugwedera pakati, galimoto n'kumayenda mozembera uku ndi uku pamsewu wowongoka, ndipo munthu akatsegula bokosilo amapeza zitsulo zitadyeka mkati mwa girisi wodzaza tho. Funso loyenera kufunsa musanathire chilichonse ndi ili: chitsulo chikapukuta mafutawo pamalo pomwe chikukhuza, kodi abwereranso okha pamalopo?

Funsoli limakula chifukwa cha mmene bokosili limagwirira ntchito. Bering'i ya tayala imazungulira mothamanga, imatentha, girisi amafewa n'kumatulutsa oyilo wake pang'onopang'ono. Bokosi la chiwongolero silizungulira choncho ndipo silitentha lokha. Tsiku lonse limangogwedezeka pang'ono kumanja, pang'ono kumanzere, pamalo amodzimodzi a pakati, likusenza katundu wolemera ndi kulandira kugunda kwa dzenje lililonse la pamsewu. Liwiro lake ndi lochepa moti mafuta sapanga nkhungu yokhuthala yolekanitsa zitsulo. Zitsulozo zimakhala pafupi kukhudzana nthawi zonse, ndiye chimene chimazipulumutsa ndi kansalu kopyapyala ka mafuta komwe kayenera kubwezeretsedwa nthawi iliyonse kakapukutidwa.

Mabokosi sali ofanana, ndipo apa ndi pomwe malangizo ambiri amasokonekera. Onse ali ndi worm, chitsulo chopota ngati bauti yaikulu kumapeto kwa ndodo ya chiwongolero. Amasiyana pa chimene chimayenda mumzera wa worm. Mu cam and peg, monga Bishop Cam ya pa MG TC ndi mabokosi a Triumph TR2 ndi TR3, mumayenda kachikhomo kachitsulo. Willys Jeep inali ndi bokosi la Ross la mtundu wofanana nawo, la tizikhomo tiwiri. Kachikhomo kosazungulira kamakwekwereza mumzeramo, ndipo katundu yense amagwera pa kamalo kochepa ngati njere ya mpunga. Ford Model A ya 1928 mpaka 1931 inali ndi worm yokhuza mano a sector (chidutswa cha giya cha pa shafuti) mwachindunji. Mu worm and roller, yomwe VW Beetle inayamba kugwiritsa ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, mumayenda kagudumu kozungulira, choncho kukwekwereza kumachepa. Mu recirculating ball, yomwe Saginaw ya General Motors inaika pa Cadillac mu 1940, timipira tachitsulo timagubuduzika pakati pa worm ndi nati n'kumabwerera kudzera m'kapaipi. Land Rover Series II ndi III zili ndi bokosi la Burman la timipira, ndipo bakkie ya Nissan 1400, yomwe inapangidwa ku South Africa kufika mu 2008, nayonso ili ndi bokosi la timipira. Kukwekwereza kukachuluka, kufunika kwa mafuta oyenda kumachulukanso.

Oyilo wa magiya

Mabokosi ambiri a ku Britain, a ku Japan ndi a ku America a kale kwambiri anapangidwira oyilo. Land Rover inalemba oyilo wa magiya wa EP90. Ford Model A inkathiridwa oyilo wokhuthala kwambiri wotchedwa 600W, yemwe lero timamufananitsa ndi SAE 140 kapena kupitirira apo (SAE ndi nambala ya kukhuthala kwa oyilo). Oyilo amachita zinthu zitatu zomwe girisi wolimba sangathe. Amabwerera pamalo okhuzana nthawi yomweyo. Amalowa mu kampata ka pakati pa shafuti ndi bushi yake yamkuwa (kampete komwe shafuti imazunguliramo), komwe palibe njira ina yofikirako. Ndipo tizidutswa tachitsulo tikasweka, timatitimira pansi pa bokosi n'kukhala chete m'malo mozungulira ndi zitsulo.

Vuto lake ndi limodzi, koma ndi lalikulu: amathawa. Walira mvula walira matope. Masili a kale, otsekera mafuta kuti asadonthe, anali a chikopa, a cork (khungwa lofewa la mtengo) kapena a nsalu yaubweya yopanikiza, ndipo sankatseka kotheratu ngakhale ali atsopano. Bokosi la galimoto yaing'ono limamwa mafuta osafika theka la lita, motero kudontha kwa madontho ochepa patsiku kumaliumitsa m'miyezi yowerengeka. Choyamba kuuma ndi bering'i ya kumtunda ya worm, chifukwa ndodo ya chiwongolero imalowa m'bokosi mopendekeka ndipo bering'i imeneyo imakhala pamwamba pa zonse. Bokosi louma limatha msanga kuposa lodzaza girisi wolakwika. Amene sadzayang'ana mulingo wa oyilo asadzinamize kuti wasankha njira yabwino.

Kukhuthala kwa oyilo kumasiyana kwambiri kuposa mmene manambala a pabotolo amaonetsera. Pa 40 °C, oyilo wa 75W-90 amakhala pafupifupi 100 cSt (muyeso wa kukhuthala), wa 80W-90 pafupifupi 140, pomwe SAE 140 weniweni amapitirira 400. Popeza bokosi silifika kutentha kwa giyabokosi, nambala ya pa 40 °C ndiyo yofunika. N'chifukwa chake kuthira 75W-90 wa synthetic m'bokosi la sili yachikopa n'kutaya ndalama: ndi wabwino, koma adzatuluka yense. Kumalo otentha ngati kuchigwa cha Shire, komwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira 40 °C, kapena ngati bokosi lili pafupi ndi paipi ya ekizozi, SAE 140 ndiye woyenera kuposa 90. Kwa amene galimoto yake ili ku Britain ndipo amaiyendetsa m'nyengo yozizira, 140 amalemeretsa chiwongolero m'mawa; 90 amakwanira.

Nkhani ya GL-4 ndi GL-5, magulu a oyilo wa magiya olembedwa pabotolo, imavutitsa anthu. Mankhwala a sulufule ndi fosiforasi omwe amateteza zitsulo popanikizika amachuluka mu GL-5, ndipo sulufuleyo amatha kudya mkuwa kukatentha kwambiri. M'bokosi la chiwongolero kutentha koteroko sikufika kawirikawiri, koma mabushi ake ndi amkuwa ndipo GL-4 amagwira ntchitoyo mokwanira. Palibe chifukwa choikira mabushi pachiswe. Ngati GL-4 alipo, tengani ameneyo.

Girisi wolimba wa NLGI 2

Girisi ndi oyilo wogwidwa ndi sopo wachitsulo, kawirikawiri wa lithium, monga madzi amagwidwira m'siponji. Kulimba kwake kumayezedwa pa sikelo ya NLGI, kuyambira 000 wamadzimadzi kufika 6 wolimba ngati njerwa ya sopo. Muyeso wake ndi kuzama komwe kachitsulo kosongoka kamalowa mu girisi pa 25 °C. Pa NLGI 2 kamalowa 265 mpaka 295, powerenga gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita ngati 1; pa 0 kamalowa 355 mpaka 385; pa 00, 400 mpaka 430. Girisi wa m'zitini yemwe amapezeka m'sitolo iliyonse ya zipangizo za galimoto ndi wa 2, nthawi zina 3. Mukatapa ndi chala, dzenje lomwe mwasiya limakhala momwemo mpaka mawa.

Dzenje limenelo ndilo limapha bokosi. Tsegulani chivundikiro cha bokosi la cam and peg lomwe lakhala ndi girisi woteroyo zaka zambiri. M'makona monse mwadzaza girisi woyera bwino, wooneka ngati wathiridwa dzulo. Pakati pali ngalande yomwe mkono wa shafuti unadzikumbira, makoma ake osalala, ataima chilili. Mumzera wa worm, kumapeto konse kuwiri, mudakali girisi. Koma pakati, pomwe kachikhomo kamakhala galimoto ikamayenda mowongoka, chitsulo chili gwaa, chonyezimira, pena chili ndi kafumbi kofiirira ngati dzimbiri. Kachikhomoko mukakatembenuza ku kuwala mupeza mbali ziwiri zaphwatalala. Girisi amene wakangamira m'mphepete mwa ngalandeyo ndi wakuda, ndipo mukamutikita pakati pa zala mumamva ngati mchenga wosalala. Ameneyo salinso mafuta, wasanduka phala lonolera, chifukwa girisi sasiya tizidutswa tachitsulo titsike pansi. Amatisunga pomwepo pomwe tinaswekera.

Pansi pa bokosi zinthu zimaipa mwakachetechete. Bushi ya shafuti sinalandire dontho ngakhale limodzi chiyambire tsiku lomwe oyilo womaliza anatuluka. Imadyeka mbali imodzi n'kukhala ngati dzira, shafuti imayamba kugwedezeka, ndipo kugwedezekako kumamveka pachiwongolero ngati mpata womwe sikulu yokonzera singauthetse. Pakapita zaka zambiri oyilo wa mu girisi amatuluka, n'kutsala sopo wouma wong'ambikang'ambika ngati kandulo yakale.

Pali ngozi inanso yobwera ndi mpope wa girisi. Mpope wa pamanja umakankha ndi mphamvu yoopsa. Bokosi likadzaza, girisi amafuna potulukira: amakankha sili kunja, kapena amakwera m'paipi ya ndodo ya chiwongolero kukanamatira mawaya a hutala. Pa Ford Model A, swichi ya magetsi ili pansi penipeni pa bokosi, motero chilichonse chotuluka chimakathera mmenemo. Chenjeraninso ndi timanipulo tooneka ngati ta girisi. Pa magalimoto ena a ku Britain, monga pa rack (ndodo ya mano yokhotetsa matayala) ya Morris Minor, nipuloyo inaikidwira mpope wa oyilo. Kuona nipulo si chilolezo chopopera girisi.

Komabe sibwino kunena kuti girisi ndi woipa paliponse. Mabokosi a Saginaw a timipira, opanda pawa, a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ankachoka ku fakitale ali ndi girisi, ndipo mabuku a General Motors ankavomereza zimenezo. Timipira tikamazungulira timanyamula girisi tokha n'kumamupititsa m'njira yonse, ndipo kugubuduzika sikupukuta mafuta ngati kukwekwereza. Bokosi loterolo limafuna kupakidwa ndi manja polimanga: girisi mu nati, m'kapaipi ka timipira, m'mano a sector, m'mabering'i onse awiri ndi mubushi, osati kungopopera pabowo la pamwamba. Ngakhale pamenepo, NLGI 1 kapena 0 amafika m'malo ambiri kuposa 2. Bokosi la Burman la pa Land Rover, ngakhale ndi la timipira, linalembedwera oyilo, ndipo bushi yake imadalira oyiloyo.

Girisi wamadzimadzi, NLGI 0 ndi 00

Uyu ali pakati, ndipo kwa mabokosi ambiri akale omwe sanaphwasulidwe ndiye njira yanzeru. Akakhala chete amaima ngati phala lozizira la ufa woyera, osadutsa pa sili yotopa. Chitsulo chikamusuntha amafewa n'kuyenda, kenako ngalande yomwe yakumbidwa imadzikwirira yokha. Mungayese musanagule zambiri: dulani mzere ndi sikuludiraiva m'chitini, dikirani mphindi zingapo. Mzere ukatsekeka wokha, ndi woyenera. Ukakhala chiyasamire, musamuthire.

Si nzeru ya masiku ano yokha. VW inasiya oyilo wa SAE 90 n'kuyamba kudzaza mabokosi a Beetle ndi girisi wamadzimadzi m'zaka za m'ma 1960. Penrite ya ku Australia imapanga girisi wa NLGI 00 wolembedwera mabokosi a ziwongolero akale. Ku America eni magalimoto akale amakonda Corn Head Grease wa John Deere, wa NLGI 0, yemwe anapangidwira timagiyabokosi ta makina okolola chimanga. Land Rover ili ndi girisi wa one shot wothira m'ma swivel (mfundo zomwe matayala amakhoterapo) a ekiselo ya kutsogolo, nayenso wamadzimadzi. Ngati maina amenewa sakupezeka kwanuko, funsani kwa ogulitsa zipangizo za mathirakitala ndi malole girisi wolembedwa EP 00 kapena EP 0. Amagwiritsidwa ntchito m'magiyabokosi a makina otchetcha ndi m'makina odzithirira girisi okha a malole akuluakulu.

Pakati pa 0 ndi 00, nyengo ndiyo imagamula. Kotentha 0 amayenda mokwanira ndipo amagwira bwino pa sili yotha. Kozizira 00 ndiye wodalirika, chifukwa 0 akazizidwa amayamba makhalidwe a girisi wolimba. Wa 000 amadontha pafupifupi ngati oyilo wokhuthala, motero sapindulitsa kwenikweni.

Malire ake ayenera kunenedwa mosabisa. Salowa mubushi yothina mofulumira ngati oyilo. Tizidutswa tachitsulo satitsitsa msanga. Kumuchotsa n'kovuta, popeza mabokosi ambiri alibe pulagi ya pansi. Choopsa koposa n'chakuti amabisa matenda: ngati sili inkadontha chifukwa bushi yatha, girisiyu aletsa kudontha koma shafuti ipitiriza kugwedera. Samalaninso posakaniza. Wa John Deere ndi wa polyurea, pomwe ambiri a EP 00 ndi a lithium, ndipo magirisi a mitundu yosiyana akasakanikirana amatha kusungunuka kapena kuuma mosayembekezeka. Tsukani wakale musanathire watsopano.

Ena amadzisakanizira okha girisi wa 2 ndi oyilo wa 90 m'chitini mpaka zitafewa. Pangozi zimathandiza kuposa bokosi louma. Koma ku fakitale sopo ndi oyilo amaphikidwa pamodzi n'kupeledwa ndi makina. Zovundula ndi kamtengo zimalekana pakapita nthawi, oyilo n'kudontha, girisi n'kutsala m'makona. Girisi wakuda wa ma CV joint (mfundo za mashafuti ozunguza matayala) ali ndi mankhwala otchedwa moly, yemwe amathandiza pa zitsulo zokwekwereza mwapang'onopang'ono, koma ambiri ndi a NLGI 1 kapena 2. Kumupaka pa kachikhomo ndi pa worm pomanga bokosi n'kwabwino; kudzaza naye bokosi lonse kukubwezerani ku ngalande ija.

Madzi amasintha chiweruzo kwa amene amawoloka mitsinje ndi Land Rover m'dzinja. Bokosi lofunda likamira m'madzi ozizira, mpweya wa mkati umafota n'kukoka madzi kudzera pa sili. Mu oyilo mudzawaona msanga, chifukwa amayera ngati tiyi wamkaka, ndipo mutha kumupopa n'kuthira wina. Mu girisi madzi amabisala, n'kukhala atakhudza chitsulo miyezi yambiri, ndipo timaenje ta dzimbiri pa worm sitikonzeka. Galimoto yotere ikhale pa EP90 ndi sili yabwino. Musaiwale steering relay, shafuti yopatsira mphamvu ya bokosi ku matayala, yodutsa m'chitsulo cha kutsogolo kwa chasisi: imafunanso oyilo, ndipo ikauma imalemeretsa chiwongolero anthu n'kumanamizira bokosi. Mkati mwake muli sipuling'i yamphamvu kwambiri yomwe ingavulaze munthu, isaphwasulidwe mwachisawawa.

Tikaika zonse pamodzi, bokosi lomwe langomangidwa kumene, la bushi ndi sili zatsopano, lithiridwe oyilo amene wopanga analemba, makamaka ngati ndi la kachikhomo kapena la mano okhuza worm. Bokosi lomwe likadali lothina koma likudontha pang'ono, kapena lomwe sili yake ndi ya kalekale yosapezekanso, lipatseni 00 kapena 0. Girisi wolimba atsalire mabokosi okhawo omwe buku lake likutero.

Kukonza gwero la kudontha

Kusintha sili yokha nthawi zambiri sikuthetsa vuto. Kwezani kutsogolo pa jeke, ikani zochirikiza zolimba, gwirani drop arm n'kuikankhira cham'mbali wina akugwira chiwongolero. Mukaona shafuti ikusuntha m'bowo lake, bushi yatha, ndipo sili yatsopano idzang'ambika posachedwa. Bushi yatsopano imalowetsedwa ndi pulesi kenako n'kupalidwa ndi reamer (chopalira mkati mwa bowo) kuti mpata wake ndi shafuti usapitirire 0.05 mm. Pochotsa drop arm lembani kaye chizindikiro pa iyo ndi pa shafuti, ndipo gwiritsani ntchito puller, chida chozulira mokoka. Kumenya ndi hamala kumatumiza nkhonya yonse kwa timipira ndi kachikhomo, n'kusiya timaenje tomwe mudzatimva ngati kudumphadumpha pokhota. Pitani ndi chikhadabo pomwe mlomo wa sili umakhala pa shafuti. Chikakodwa mu kamzera, valitsani sleeve yopyapyala monga Speedi-Sleeve ya SKF, kapena khazikani sili yatsopano motsikirako pang'ono kuti igwire pamalo osadyeka. Polowetsa sili kulungani mano a shafuti ndi tepi kuti asadule mlomo wake.

Pochoka pa girisi wolimba palibe chidule. Bokosi lichoke pagalimoto, litsegulidwe, litsukidwe ndi palafini ndi burashi mpaka chitsulo chioneke. Kuthira oyilo pamwamba pa girisi wakale sikumusungunula. Oyiloyo amangokhala m'ngalande, bushi n'kukhalabe yotsekedwa ndi sopo wouma. Pa bokosi la timipira, werengani timipira pochotsa ndipo mubwezere nambala yomweyo.

Kuthira girisi wamadzimadzi kumafuna kudekha. Pukutani mozungulira pulagi musanamasule, kuti fumbi lisagweremo. Viikani botolo m'madzi otentha, a 50 mpaka 60 °C, kwa mphindi 15 kuti afewe. Tengani sirinji yaikulu ya 60 ml yokhala ndi kapaipi, lowetsani kapaipiko pansi momwe kangafikire, kuti girisi adzaze kuchokera pansi n'kumakankha mpweya kumwamba. Mukathira sirinji imodzi, zungulizani chiwongolero kumapeto konse kuwiri matayala ali m'malere. Akafika pakhosi pa bowo, siyani usiku wonse. Mawa mupeza watsika, onjezerani. Yang'ananinso pakatha sabata yoyenda. Siyani kampata ka mpweya pansi pa pulagi, pakuti mafuta akafunda amafufuma.

Sikulu yokonzera mpata

Mafuta abwino sabweza chitsulo chomwe chatha kale, ndipo apa ndi pomwe mabokosi ambiri amaonongedwa kachiwiri. Opanga anawasula dala kuti akhale othina pakati ndi omasuka pang'ono kumapeto, podziwa kuti pakati ndipo pamadyeka. Choncho mpata umayezedwa ndi kukonzedwa matayala ataloza kutsogolo basi. Pa Beetle, mpata wa pafupifupi 25 mm m'mphepete mwa chiwongolero ndiwo malire. Musanakhudze bokosi, tsimikizani kuti mpatawo sukuchokera ku ma tie rod end (mfundo za kumapeto kwa ndodo zokhotetsa matayala), ku idler (mkono wochirikiza ndodozo) kapena ku mabauti omangira bokosi pa chasisi.

Masulani drag link, ndodo yolumikizidwa ku drop arm, kuti mumve bokosi lokha. Yambani ndi mabering'i a worm, omwe amakonzedwa ndi mashimu kapena nati yaikulu, mpaka ndodo isamapite kutsogolo ndi kumbuyo koma izizungulira mosalala. Pa mabokosi ambiri a Saginaw mphamvu yozunguzira pamenepa ndi 5 mpaka 8 in-lb, osafika 1 Nm. Kenako bwerani pa sikulu ya pachivundikiro: masulani lokonati, lowetsani sikulu gawo limodzi mwa magawo 8 a kuzungulira, mangani lokonati, yesani. Chofunika ndi kumva kukoka pang'ono chabe podutsa pakati. Mukalowetsa mpaka mpata wa pakati utatha, koma chiwongolero n'kuyamba kugwira mukangokhota pang'ono kumanja kapena kumanzere, ndiye kuti pakati pa worm pakumbika kuposa m'mbali. Bwezani sikulu kumbuyo nthawi yomweyo. Bokosi logwira limaletsa chiwongolero kubwerera chokha mukatuluka pakona, ndipo kupanikizako kumaswa khungu lolimba la worm n'kuyamba kusenda tizibenthu. Worm yofika pamenepo imafuna kusinthidwa. Kachikhomo ka m'mabokosi ena ka Bishop kamatha kutulutsidwa ndi pulesi n'kutembenuzidwa kota imodzi kuti mbali yosadyeka igwire ntchito, koma zimenezo zimathandiza pokhapokha worm ikadali yosalala.

Katundu amene bokosi likusenza amachulukanso ndi zomwe eni ake amasintha. Matayala otambalala a radial ndi chiwongolero chaching'ono cha masewera amaika pa kachikhomo mphamvu yomwe wopanga sanaiwerengere, ndipo kukhotetsa matayala galimoto itaima pa phula ndi komwe kumafinya mafuta onse pamalo okhuzana. Ikayamba kugudubuzika pang'ono ndi pomwe mukhotetse. Mpweya wa m'matayala a kutsogolo ukhale wokwanira, ndipo mulingo wa m'bokosi muuone nthawi iliyonse yosintha oyilo wa injini: wa oyilo ufike pansi pa bowo lothirira, wa girisi wamadzimadzi ukwirire worm yonse chiwongolero chili pakati.